Momwe mungachitire kafukufuku ndi kumusindikiza mulibe ntchito yokhazikika ku yunivesite

Anzanga ambiri amene tinaphunzira limodzi ku Bunda ali ngati ine: digiri yachiwiri ili m'sutikesi, ntchito ndi ya kontirakiti, mwina kuphunzitsa kwa ganyu semesita imodzi kenako kumangoyang'ana foni. Ukafunsira PhD akufuna mapepala osindikizidwa, pomwe ife timaganiza kuti kusindikiza n'kwa okhawo ali ndi ofesi ku Zomba kapena ku Mzuzu. Ine mapepala anga awiri ndawalembera pano pa Kasungu boma, pa tebulo lomwe timadyerapo nsima. Ndikuuzeni momwe ndinayendera.

Choyamba, sankhani funso loti kabaza angakufikitseni kumene kuli yankho. Ndalama za galimoto ndi ma allowance mulibe, ndiye musalote kafukufuku wa dziko lonse. Langa linali la alimi a ku Chamama amene akusiya fodya n'kuyamba soya: akugulitsa kuti, ndipo amawauza mtengo ndani. Tsegulani ORCID, nambala ya pa intaneti yozindikiritsa wochita kafukufuku, tsiku lomwelo, ndi yaulere. Pamalo olemba kumene mumagwira ntchito, lembani Independent Researcher, Kasungu, Malawi, osachita manyazi. Musalembe dzina la yunivesite imene munachokako kale popanda chilolezo chawo.

Zowerenga zilipo zambiri zaulere pa intaneti, pa masamba osakirapo mapepala a kafukufuku monga Google Scholar, DOAJ ndi AJOL. Pepala likakhala lokhoma, lemberani mwini wake imelo, ambiri amatumiza. Ine ndimatsitsa usiku ndi bandulo yotchipa, n'kusunga zonse mu Zotero, pulogalamu yosungira zowerenga.

Tsopano apa mpamene ndinagwa, ndipo ndikupemphani muwerenge mofatsa. Ndinatenga kalata ku ofesi ya DC, ndinakaonekera kwa alangizi, amfumu anandilandira mpaka kundipatsa mnyamata wondiperekeza. Mumtima ndinati zilolezo zakwana. Ndinayenda masabata atatu dzuwa likuswa mtengo, kufunsa alimi pakhonde, ena akupeta soya uku akuyankha. Ndinalemba pepala miyezi inayi n'kulitumiza ku journal, magazini yosindikiza mapepala a kafukufuku. Patangopita masiku ochepa mkonzi anayankha mzere umodzi: tipatseni nambala ya chilolezo cha komiti ya ethics. Ndinalibe. Ndinatumiza kalata ya DC ija, iye anati imeneyo ndi yondilola kulowa m'boma, si yotsimikiza kuti anthu ofunsidwawo anatetezedwa. Ndipo komiti siipereka chilolezo pa ntchito imene yachitika kale. Mafomu onse aja ali m'katoni pansi pa bedi mpaka lero.

Chinandipweteka kwambiri si ndalama ayi, koma kubwerera kwa anthu omwewo chaka chotsatira. Agogo ena amene anandipatsa mpando wawo ulendo woyamba anandiyang'ana nati, "Achimwene, si inu munabwera chaka chatha ndi mafunso omwewa? Nanga mayankho athu aja munapita nawo kuti?" Ndinawauza zoona, kuti kulakwa kunali kwanga.

Ndiye inu chitani chonchi. Musanafunse munthu funso ngakhale limodzi, pezani chilolezo cha komiti. Kafukufuku wokhudza chikhalidwe ndi moyo wa anthu amapita ku NCRSH, komiti ya pansi pa National Commission for Science and Technology ku Lilongwe. Wa zaumoyo amapita ku NHSRC ya Unduna wa Zaumoyo. Mayunivesite alinso ndi makomiti awo, monga COMREC ya ku KUHeS, yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu, koma kwenikweni amathandiza aphunzitsi ndi ophunzira awo komanso amene akugwira nawo ntchito. Konzani protocol yonse (ndondomeko ya momwe mudzachitire kafukufukuyo), mafunso m'Chingerezi ndi m'Chichewa, fomu yoti wofunsidwa avomere, CV, bajeti ndi kalata ya ku boma ija. Fomu yovomera muilembe m'Chichewa choti agogo amve, yonena poyera kuti akhoza kukana kapena kulekera panjira, ndipo musiye malo a chidindo cha chala kwa amene salemba. Fotokozaninso kumene mudzasunge mayina a anthu. Pali ndalama yofunsira, komanso amawerengera gawo la bajeti yanu, choncho musakweze bajeti pofuna kuoneka apamwamba. Adzakubwezerani ndi ndemanga, konzani msanga. Yambani zimenezi mvula ikadalipo kuti pofika nthawi yokolola chilolezo chikhale m'manja, ndipo onetsetsani tsiku limene chidzathe.

Pofunsa anthu gwiritsani KoboToolbox, pulogalamu yolemberamo mayankho, imagwira pafoni ngakhale kulibe netiweki. Tengani power bank. Kuwerengera zotsatira, mapulogalamu a R ndi jamovi ndi aulere. Osagula mapulogalamu okopera kwa anyamata a m'tauni, mnzanga wina analowetsa nawo virus laputopu yonse. Chenjeraninso ndi aja amati ingondipatsani ndalama ndikulembereni pepala lonse. Mkonzi akadzakufunsani za tebulo limodzi mudzasowa chonena, dzina n'kuipa.

Kusankha journal nakonso kuli akamberembere. Mukangoyamba kudziwika, maimelo adzabwera okutchulani Professor, olonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukatumiza madola. Amenewo ndi mavenda, sawerenga n'komwe, ndipo pepala lotuluka kumeneko silikuthandizani pofunsira sukulu. Onani ngati journal ili pa DOAJ kapena AJOL, tsatirani mafunso a pa tsamba la intaneti la Think. Check. Submit., othandiza kuzindikira journal yodalirika, ndipo werengani mapepala awiri atatu amene anatulutsa. Ma journal ambiri abwino salipiritsa wolemba. Ena olipiritsa amakhululukira olemba a m'mayiko osauka ngati Malawi, koma pemphani nthawi imene mukutumiza, osati atalandira kale. Ngati mphunzitsi wanu wakale angalowe nawo, zimathandiza, bola agwiredi ntchito, asangoikapo dzina.

Zotsalazo n'zodziwika. Tsatirani malamulo a kalembedwe a journal, tumizani kumodzi kokha, dikirani miyezi. Ndemanga zikabwera yankhani imodzi imodzi mwaulemu. Akakana, konzani n'kutumiza kwina. Langa lachiwiri linakanidwa kawiri. Likatuluka liikeni pa ORCID, kenako lembani tsamba limodzi la zotsatira m'Chichewa, mupange fotokope, mukasiye kwa alangizi ndi kwa amfumu. Langa ndinakawerenga ndekha ku Chamama pansi pa mtengo wa mango, agogo aja atakhala kutsogolo.