Momwe mungapangire gemu ya pa foni pogwiritsa ntchito Godot

Munthu amene akufuna kupanga gemu masiku ano sayamba kulemba chilichonse payekha, chifukwa ntchito yolemera yoonetsa zithunzi pa sikirini, yozindikira kuti zinthu zagundana ndiponso yoseweretsa mawu imagwiridwa ndi pulogalamu imene imatchedwa injini. Mainjini odziwika kwambiri alipo atatu. Unreal Engine 5 ya kampani ya Epic Games inatuluka mu 2022, ndipo simulipira kanthu mpaka gemu yanu itapanga madola 1 miliyoni, koma imadya malo ambiri ndipo imafuna kompyuta yamphamvu imene ambirife kuno ku Mangochi tilibe. Unity ndiyo yapangira magemu ochuluka a pa foni, koma mu Seputembala 2023 eni ake analengeza kuti azilipiritsa wopanga gemu nthawi iliyonse imene munthu waiyika pa chipangizo chake. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo ngakhale ganizolo linathetsedwa mu Seputembala 2024, ambiri anali atayamba kale kuyang'ana kwina.

Injini imene ambiri anathamangirako ndi Godot, imene anaiyambitsa Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina. Kuyambira 2014 ndi yotseguka kwa aliyense pansi pa chilolezo cha MIT, moti simupereka ngakhale tambala, kaya gemu yanu mukuigulitsa kaya mukungogawira anzanu. Godot 4.0 inatuluka mu Malichi 2023, ndipo malangizo ali m'munsimu ndi a mtundu wa 4 umenewu. Chitsanzo chathu chikhala gemu ya msodzi amene ali m'bwato usiku ndi nyali yake, akusonkhanitsa usipa uku akuzemba mvuu.

Choyamba, pitani pa godotengine.org mukapange dawunilodi ya Godot wamba, osati ya .NET, chifukwa ya .NET ndi ya anthu olemba mapulogalamu m'chinenero cha C# ndipo imafuna zinthu zina zowonjezera. Fayilo yake siifika mamegabaiti 100 ndipo siichita kuyikidwa pa kompyuta. Mukangoimasula mu zip n'kuidina kawiri, yatseguka. Musalole kuti wina wa m'mashopu oyikira nyimbo ndi mafilimu akugulitseni injini pa fulashi akunena kuti ndi "yathunthu", pakuti mudzakhala mukulipira chinthu chaulere, ndipo nthawi zambiri mavairasi amabwera nawo ngati basela. Chenjeraninso ndi mafulashi otsika mtengo kwambiri olembedwa 64GB, amene mafayilo amalowamo bwinobwino koma osatsegukanso. Gemu yanu muziisunga m'malo awiri.

Chachiwiri, popanga pulojekiti yatsopano Godot idzakufunsani kuti musankhe pakati pa Forward+, Mobile ndi Compatibility. Dzina la Mobile limakopa, koma sankhani Compatibility. Ziwiri zoyambazo zimadalira njira yoonetsera zithunzi yotchedwa Vulkan, imene malaputopu akale ndi mafoni otsika mtengo sagwirizana nayo bwino, pamene Compatibility imayenda pa njira ina yotchedwa OpenGL ndipo gemu ya zithunzi zafulati ngati yathuyi siitaya chilichonse. Izi zimathandizanso kuti laputopu isatenthe kwambiri, zimene si nkhani yaing'ono m'mwezi wa Okotobala m'mphepete mwa nyanja muno.

Chachitatu, mangani bwato. Mu Godot chinthu chilichonse ndi node, ndipo ma node mukawaphatikiza amapanga scene. Pangani scene imene mutu wake ndi CharacterBody2D, pansi pake muike Sprite2D yonyamula chithunzi cha bwato ndi CollisionShape2D yosonyeza malire ake. Lumikizani sikiripiti ya GDScript, chinenero chofanana kwambiri ndi Python, muwerenge mbali imene wosewera akukankhira ndi Input.get_vector(), muichulukitse ndi liwiro, zotsatira zake muziike mu velocity, kenako muitane move_and_slide(). Usipa ndi mvuu zikhale ma Area2D, ndipo chizindikiro cha body_entered ndicho chizikuuzani kuti bwato lakhudza nsomba kapena lagunda mvuu. Timer imodzi ikukwanira kuti usipa watsopano uzituluka pakapita kanthawi. Zithunzi mungazijambule mu Krita kapena Inkscape, mapulogalamu aulere onse, ndipo mawu a mafunde ndi a nkhafi ndi bwino kukawajambula nokha ndi foni padoko m'mawa kwambiri, mphepo ya mwera isanayambe, n'kuwadula mu Audacity. Musaiwale kuika TouchScreenButton, popeza pa foni palibe kiyibodi, ndiponso mu Project Settings musinthe Stretch Mode ikhale canvas_items kuti chithunzi chizikwana pa sikirini iliyonse.

Chachinayi ndi kusandutsa pulojekiti kukhala fayilo ya APK, imene ndiyo imaikidwa pa foni ya Android, ndipo pamenepa mpamene pamafunika kudekha. Mufunika zinthu zitatu zimene sizibwera ndi Godot. Chimodzi ndi ma export template, mafayilo amene Godot imamangira APK, amene kukula kwake kumayandikira gigabaiti yathunthu, choncho dikirani bandulo ya usiku kapena malo amene intaneti yake siidukaduka. Nambala yawo iyenera kufanana ndendende ndi ya Godot yanu, a 4.3 sagwira ntchito pa 4.4, ndipo mukasintha Godot pakati pa ntchito ndiye kuti mugulanso bandulo. Zina ziwirizo ndi OpenJDK 17 ndi Android SDK, zimene mafoda ake mumawalozera mu Editor Settings, pansi pa Export, pa Android. Godot ikaonetsa mawu ofiira onena za ETC2 kapena ASTC, pitani mu Project Settings, pa Rendering, Textures, VRAM Compression, muchonge bokosi la Import ETC2 ASTC, mulole pulogalamu itseke n'kuyambanso.

Zonsezi zimalembedwa pa sikirini, moti munthu amadziwa pokonza. Vuto limene silionetsa chizindikiro chilichonse limabwera pambuyo pake. APK yanga yoyamba inalowa bwinobwino pa foni yanga, koma nditaitumiza kwa achinyamata ena a ku Makawa kuti ayesere, ambiri anandibwezera chithunzi chimodzimodzi cha sikirini yolembedwa kuti "App not installed", popanda kufotokoza chifukwa. Poyamba tinkaganiza kuti malo atha, ndipo mnyamata wina anafufuta zithunzi zonse za ukwati wa mlongo wake pofuna kupeza malo, koma gemu inakanabe. Tinakayikiranso kuti fayilo inaonongeka potumiza, tinaitumizanso kudzera pa Bluetooth, osaphula kanthu.

Gwero lake linali mabokosi anayi amene ali pa tsamba la Export, pansi pa mutu wakuti Architectures. Godot 4 imabwera itachonga arm64-v8a yokha, imene ndi ya mafoni oyenda pa Android ya 64-bit. Koma mafoni ambiri otsika mtengo amene anthu amagula pamsika, makamaka a Android Go okhala ndi RAM yochepa, amayenda pa Android ya 32-bit ngakhale atagulidwa chaka chino, ndipo amafuna armeabi-v7a. Foni yotere ikatsegula APK n'kusapezamo mafayilo a mtundu wake, imangokana basi. Chongani mabokosi onse awiri, armeabi-v7a ndi arm64-v8a, ndipo x86 awiriwo muwasiye. APK idzakulirapo chifukwa injini imalowamo kawiri, ndiye ngati kukulako kukudetsani nkhawa, pangani ma preset awiri, mutulutse mafayilo awiri olembedwa mayina omveka bwino. Ine ndimaona kuti fayilo imodzi yokulirapo ndi yabwino kuposa kufunsa munthu aliyense kuti foni yake ndi ya mabiti angati, popeza palibe amene amadziwa. Uthenga womwewo wa "App not installed" umabweranso ngati pa foni pali kale gemu yomweyo yosainidwa ndi kiyi ina (kiyi ndi chidindo chachinsinsi cha wopanga gemu), ndipo mankhwala ake ndi kuchotsa yakaleyo musanaike yatsopano. Musanatumize kwa wina aliyense, bwerekani foni yofooka kwambiri imene mungaipeze pakhomo panu, muyesere pamenepo.

Zotsalazo ndi zachidule. Pangani keystore yanu, fayilo yosunga kiyi yosainira gemu, ndi lamulo la keytool limene limabwera ndi OpenJDK, muilozere pa Release, ndipo fayiloyo pamodzi ndi pasiwedi yake muzisunge pabwino, chifukwa gemu yosainidwa ndi kiyi ina siingalowe pamwamba pa yakale. Sinthani Unique Name ikhale yanuyanu, muike kachithunzi koimira gemu pa sikirini ya foni, muchotse chongi pa Export With Debug. Google Play imafuna madola 25 olipira kamodzi kudzera pa khadi ya ku banki, imalandira mafayilo a AAB m'malo mwa APK, ndipo maakaunti atsopano a munthu payekha amayenera kuyesetsa gemu kwa anthu 12 kwa masiku 14 isanaonekere kwa onse. Ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, yambani mwaigawa pa WhatsApp ngati document, kapena muiike pa itch.io, kumene kuika gemu ndi kwaulere.