Kunena kuti mwatopa m'Chidatchi

Mawu oyamba kuwagwira ndi "moe". Zilembo oe zimamveka ngati u wathu, choncho "Ik ben moe", kutanthauza ndatopa, mutchule kuti "ik ben mu". Musawonjezere t kumapeto, chifukwa "ik moet" ndi ndiyenera, ndipo womvera adikira kuti mumalize chiganizo.

Tulo ndi nkhani ina. Nenani "Ik heb slaap", monga momwe ife timanenera kuti ndili ndi tulo. "Ik ben slaap" ndi cholakwika.

Mukatheratu, pali "doodmoe" kapena "uitgeput". Kwa anzanu mutha kunena "Ik ben kapot", ngakhale kapot kwenikweni ndi chinthu chowonongeka, monga njinga yothyoka. Kwa dokotala kapena bwana, "erg moe", kutanthauza kutopa kwambiri, ndiwo aulemu.

Pofunika kusamala kwambiri ndi apa: "Ik ben het zat" ndi zandikwana, koma mukasiya kamawu "het" mwanena kuti mwaledzera, makamaka ku Belgium. Kumeneko, pofuna kunena kuti zandikwana, ambiri amakonda "Ik ben het beu".

Ngati ntchito ndiyo yotopetsa, nenani "Het werk is vermoeiend". "Vermoeid" ndi munthu wotopayo.