Nyuzipepala yakale ingakuthandizeni pa Chingerezi

Ophunzira a Fomu 3 ndi 4, kumbukirani kuti MANEB sipereka satifiketi ya MSCE kwa munthu amene walephera Chingerezi, ngakhale masamu atakhoza bwanji.

Pezani nyuzipepala yakale, kaya The Nation kaya The Daily Times, ngakhale ija anakukulungiranimo zitumbuwa. Sankhani nkhani imodzi, muiwerenge kawiri. Mukakumana ndi mawu achilendo musathamangire dikishonale ayi. Alembeni mzere kunsi, muyambe mwaganizira tanthauzo lake poona ziganizo zoyandikana nawo, poti m'chipinda cha mayeso dikishonale salowa nayo.

Kenako pindani pepalalo, mumufotokozere mnzanu nkhaniyo m'ziganizo zitatu, m'Chingerezi chanuchanu. Apa ndiye pamavuta, koma musapathawe. Mnzanuyo atsegule pepalalo, akuuzeni mfundo zimene mwasiya.