Dzina lokoma koma mwini wake m'buku anafa momvetsa chisoni: mmene mungasankhire

Mwana wanga woyamba dzina lake ndi Cordelia. Tsiku limene ndinawauza amuna anga kuti ndikufuna dzina limeneli, ndili ndi pakati pa miyezi 7, anakhala chete kanthawi kenako anati, "Koma akazi anga, si uja anamunyonga m'ndende uja?" Sananame. M'sewero la William Shakespeare lotchedwa King Lear, Cordelia amafa chakumapeto, ndipo bambo ake okalamba amatulukira atanyamula mtembo wake m'manja. Tinakambirana nkhaniyi masabata atatu. Njira imene tinatsata ndi imene ndikulemba pano, chifukwa ndaona kuti makolo ambiri amataya dzina limene mtima wawo ukulifuna pongomva kuti "mwini wake zinamuthera moipa", osafufuza kuti zinaipa motani.

Yambani ndi kuwerenga nkhani yonse, osangodalira chidule cha pa intaneti. Powerengapo funso lanu likhale lakuti munthuyu anachita zotani ali moyo, chifukwa imfa yokha sikuuzani zambiri. Ine nditabwereza kuwerenga sewerolo ndinapeza izi: mfumu Lear inafuna kugawa dziko kwa ana ake aakazi atatu, ndipo inati aliyense anene mmene amaikondera. Goneril ndi Regan anaithira mawu okoma abodza nalandira magawo awo. Cordelia, wamng'ono pa onse, anakana kunama, ndipo anapirikitsidwa chimanjamanja. Azikulu ake aja atawataya bambo awo kunja kuli chimvula, ndi iyeyo amene anabwera ndi asilikali kuchokera ku France kudzawapulumutsa. Imfa yake ndi mlandu wa anthu ena. Choncho siyanitsani munthu amene anazunzidwa ndi munthu amene ankazunza anzake. Goneril anapha m'bale wake ndi poizoni. Yezebeli wa m'Baibulo anaphetsa Naboti pofuna munda wa mpesa. Mayina amenewa ndingawakane. Koma mtsikana amene anavutika chifukwa chonena zoona, dzina lake ndinalibe nalo manyazi.

Mukatha pamenepo funsani ngati dzinalo linasanduka mawu otukwanira kapena onyozera. Apa mpamene ndimalimba mtima kunena kuti ayi, ngakhale mwini dzina akhale wosalakwa. Tonse timadziwa tanthauzo lake munthu akauzidwa kuti "ndiwe Yudasi". Pakati pa atumwi 12 aja panali Yudasi winanso, amene Yohane 14:22 amachita kumufotokoza kuti si Isikariote, koma iyeyo sanathe kuliyeretsa dzinalo. Chitsanzo chimene chimandipweteka kwambiri ndi Lolita. M'buku la Vladimir Nabokov la mu 1955, mtsikanayo dzina lake lenileni ndi Dolores Haze, wa zaka 12, ndipo ndi mwana amene bambo wamkulu anamuchitira nkhanza zogonana. Iye sanalakwe kanthu. Koma anthu analitenga dzinalo n'kumaligwiritsa ntchito ponena za atsikana aang'ono mowaganizira zonyansa, moti mwana wotchedwa choncho angakumane ndi mawu oipa kuchokera kwa anthu amene bukulo sanalionepo n'komwe. Dzina likafika pamenepo, kukoma kwake m'khutu sikungamuteteze mwana wanu.

Chinthu china chosavuta kuyeza ndi kuchuluka kwa anthu amene ali kale ndi dzinalo. Anna Karenina wa m'buku la Leo Tolstoy anadziponya pansi pa sitima, koma ndani amaganiza za sitima akamva kuti mwana ndi Anna? Ma Anna ndi ambirimbiri, kuyambira mneneri wamkazi uja wa pa Luka 2, ndipo nkhani imodzi imangomira pakati pawo. Juliet nayenso ndi chimodzimodzi, ngakhale kuti wa m'sewero la Romeo and Juliet uja anadzipha asanakwanitse n'komwe zaka 14. Dzina likakhala losowa, nkhani yake imalemera chifukwa palibe wina woisenza.

Ndiye lembani dzinalo pa Google, ndipo musangowerenga mawu, muonenso zithunzi. Mwana wanu adzachita zomwezo tsiku limene adzagwire foni koyamba. Achemwali anga ankafuna Ophelia, ndipo titalemba dzinalo chimene chinatuluka mobwerezabwereza ndi chithunzi chotchuka chimene John Everett Millais anamaliza kujambula mu 1852: mtsikana atagona chagada m'madzi, maluwa ali m'manja, akumira. M'sewero la Hamlet, Ophelia amasokonezeka mutu Hamlet atapha Polonius, bambo ake a mtsikanayo, kenako amagwera mumtsinje. Achemwali anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Sanalitaye dzinalo, koma analiika kukhala lachiwiri, pakati, kuti mwanayo akadzakula adzasankhe yekha ngati akufuna kumaitanidwa nalo. Imeneyi ndi njira yabwino pamene mtima uli pawiri.

Musaiwale kufufuza tanthauzo la mawuwo paokha, chifukwa mayina ambiri ndi akale kuposa mabuku amene anawatchukitsa. Ophelia amachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza thandizo, ndipo mlembi wa ku Italy Jacopo Sannazaro anali ataligwiritsa kale ntchito mu 1504, Shakespeare asanabadwe. Zimenezi n'zimene zinawakhazika mtima pansi achemwali anga. Desdemona, wa m'sewero la Shakespeare lotchedwa Othello, ndi nkhani ina. Dzinalo limachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza watsoka, choncho ngakhale mutaiwala kuti Othello anamupha mkazi wake wosalakwayo chifukwa cha nsanje, tsokalo lili m'dzina momwemo. Ineyo pamenepo ndingabwerere m'mbuyo.

Tsopano ndinene za mantha enieni, amene ambiri sitiwatchula poyera: kuopa kuti zimene zinamuchitikira wa m'buku uja zidzamulondola mwana wathu. Amuna anga nkhawa yawo inali imeneyi, ndipo sindinawaseke, chifukwa kholo lililonse limafuna kutsekera mwana wake khomo lililonse la tsoka. Chimene chinatithandiza ndi kudziwa kuti imfa ya Cordelia inali chisankho cha mlembi. Mu 1681 munthu wina dzina lake Nahum Tate analembanso sewero lomwelo nasintha mathero ake: Cordelia sakufa, akukwatiwa ndi mnyamata wina wa m'sewerolo dzina lake Edgar, ndipo bambo ake akubwezeredwa ufumu. Kwa zaka zoposa 150 anthu a ku England ankaonera sewero la Tate limeneli, mpaka mu 1838 pamene la Shakespeare linabwereranso. Mtsikana yemweyo, dzina lomwelo, wina anamupha ndi cholembera ndipo wina anamusiya wamoyo. Komabe ngati mwalingalira zonsezi ndipo mtima ukugundabe mukalitchula, lisiyeni. Dzina la mwana mudzaliitana kambirimbiri tsiku lililonse, pomudzutsa, pomusambitsa, pomuyang'anira akudwala malungo usiku, ndipo simungakhale mukunjenjemera nthawi zonsezo. Komanso nonse awiri mugwirizane ndi mtima wonse, wina asangolola pofuna kuthetsa mkangano.

Chomaliza chimene tinachita n'chimene ndimachikhulupirira kwambiri. Khalani pansi, yerekezani kuti mwanayo ali ndi zaka 10 ndipo wafunsa kuti, "Amayi, dzina langali linachokera kuti?" Muyankheni mokweza, osabisa mathero. Mukaona kuti mukuzemba, mukudumpha mbali zina kapena mukufuna kunama, dzinalo silanu. Amuna anga ndi amene anayamba kuyesa, ndipo anati, "Tinakutcha dzina la mtsikana amene anakana kunamiza bambo ake, ndipo anabwerera kudzawathandiza ngakhale anamuthamangitsa. Anthu oipa anamupha, koma iye sanasinthe." Atamaliza anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino, akhale Cordelia."

Ali wamng'ono ndinkamuuza mbali yopepuka, yakuti kumwambaku kuli kamwezi kotchedwa Cordelia kamene kamazungulira pulaneti ya Uranus, kamene chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Voyager 2 chinakatulukira mu 1986 pamodzi ndi ena otchedwa Ophelia, Juliet ndi Desdemona. Nkhani yonse tinamuuza atafika zaka 10, monga tinakonzera. Sewerolo anadzawerenga yekha ali ndi zaka 15. Usiku umene analimaliza analowa kuchipinda kwathu maso ali ofiira, bukulo lili m'manja, n'kukhala pamphepete pa bedi. Anawafunsa bambo ake kuti, "Ababa, inuyo mukanandifunsa funso lija la mfumu, ine n'kuyankha ngati mmene anayankhira uja, mukanandithamangitsa?" Bambo ake anati ayi, ndipo anakhala akukambirana za mfumu Lear mpaka ine ndinagona.