Viza ya banja ya ku UK: yambani ndi zomasulira, za ku banki pomaliza

Abale amene mukukonzekera kutsatira amuna anu kapena akazi anu ku UK, imvani ichi, chinatipulumutsa ndalama kwathu.

Pepala lililonse lomwe silili m'Chingelezi, kaya ndi kalata ya a mfumu yotsimikizira chinkhoswe, kaya mauthenga a pa WhatsApp a m'Chichewa, liyenera kumasuliridwa. Musamasulire nokha. Womasulirayo alembe pa pepalapo kuti wamasulira molondola, ayike tsiku, dzina lake lonse, siginecha ndi momwe angapezekere. Mutumize limodzi ndi pepala loyambalo.

Mauthengawo musamasulitse onse ayi, mutha ndalama pachabe. Sankhani ochepa mwezi uliwonse, oonetsa tsiku ndi dzina, kuti zioneke kuti mwakhala mukulankhulana nthawi yonseyi. Musanalipire, yerekezani mayina ndi a mu pasipoti, chilembo ndi chilembo. Ambirife kalata ina imati Chisomo, ina Grace. Pamenepo pafunika kufotokoza.

Nkhani yaikulu ndi nthawi. Zomasulira sizitha mphamvu, ndiye yambani nazo. Satifiketi ya TB, yosonyeza kuti mulibe chifuwa chachikulu, imagwira ntchito miyezi 6 yokha. Sitetimenti ya ku banki ndi payslip yomaliza za mnzanu wa ku UK zisapitirire masiku 28 pa tsiku lomwe mukupempha viza pa intaneti. Iye akhale akulandira ndalama zosachepera £29,000 pa chaka, ndipo ngati wakhala pantchito imodzi miyezi 6, asonyeze ma payslip a miyezi yonseyo. Mukatenga za ku banki msanga, zidzatha mphamvu muli kudikira womasulira, mudzayambiranso.