Chiphaso Cholowera mu Formula 1: Mmene Amachipezera

Mwafunsa zomwe dalaivala amafunika kuti aloledwe kupikisana mu Formula 1, mpikisano wapamwamba kwambiri wa magalimoto othamanga. Chiphaso chake chimatchedwa Super Licence, ndipo amapereka ndi bungwe la FIA, loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse.

Poyamba, mukhale ndi zaka 18. Lamuloli linayamba kugwira ntchito mu 2016, dalaivala wina, Max Verstappen, atalowa mu 2015 ali ndi zaka 17 zokha. Kuyambira 2024, FIA ikhoza kulola wa zaka 17 ngati waonetsa luso lapadera.

Kenako mupeze laisensi ya mipikisano ya Grade A, mukhozenso mayeso a malamulo a Formula 1.

Pagona nkhani ndi pa mapointi. Pamafunika 40, osonkhanitsidwa m'zaka zitatu m'mipikisano yokonzekeretsa monga Formula 2 ndi Formula 3. Atatu oyambirira pamapeto a chaka mu Formula 2 amapata 40 yonseyo kamodzi, pamene katswiri wa Formula 3 amapeza 30. Lamulo ili ndimagwirizana nalo kwambiri, chifukwa chuma cha makolo pachokha chisamakhazike mwana m'galimoto yothamanga makilomita opitirira 300 pa ola.

Mukhalenso mutapikisana nawo pa mipikisano 80 mwa 100 iliyonse kwa zaka ziwiri, m'magalimoto a mpando umodzi. Pomaliza, muyendetse galimoto ya Formula 1 makilomita 300 pa liwiro la mpikisano, m'masiku osapitirira awiri.