Kutentha kwa usiku ndi zokolola za mpunga wa chilimwe

Alimi ambiri a mpunga amadandaula dzuwa likakula masana, koma ndi ochepa amene amaganizira za kutentha kwa usiku, chikhalirecho ndi kumene kumaba zokolola mwakachetechete. Masana mpunga umapanga chakudya m'masamba mwake pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, ndipo usiku umapuma, n'kumatentha gawo la chakudya chomwecho kuti ukhale ndi moyo. Usiku ukatentha, kupumako kumafulumira, motero chakudya chimene chikanapita ku ngala chimathera m'njira.

Akatswiri a bungwe lofufuza za mpunga la IRRI ku Los Baños m'dziko la Philippines anaunika nkhaniyi ndipo anatulutsa zotsatira zake mu 2004. Anapeza kuti pakati pa 1979 ndi 2003 kutentha kwa usiku pa munda wawo kunakwera ndi madigiri 1.13 pamene kwa masana kunangokwera ndi 0.35, komanso kuti pa mpunga wa nyengo yopanda mvula zokolola zimatsika ndi pafupifupi 10 peresenti usiku ukatentha ndi digiri imodzi yokha. Kwa mlimi wokolola matumba 40, kumeneko n'kutaya matumba anayi popanda mbalame, tizilombo kapena matenda.

Chovuta chake n'chakuti mpunga wotere umaoneka bwino ndithu uli m'munda. Vuto limaonekera kuchigayo. Njere zikakhwima mothamanga sizidzaza bwino, ndipo mukasenda imodzi n'kuiyang'ana padzuwa mudzaona pamimba pake poyera ngati choko m'malo moonekera ngati galasi. Njere zimenezi ndizo zimasweka pokonola, ndipo wogula amatsitsa mtengo.

Kuno kwathu nkhaniyi ikukhudza kwambiri alimi a m'masikimu a mthirira a m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, monga Wovwe ndi Hara ku Karonga, Bua ku Nkhotakota, Nkhate ku Chikwawa ndi Muona ku Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala anthu amagona pakhonde chifukwa cha kutentha. Mlimi sangaziziritse usiku, koma angathe kusankha nthawi yowokera. Fesani nazale ya chilimwe mutangomaliza kukolola mpunga wa dzinja, kuti ngala zituluke ndi kudzaza mkaka kutentha kwa Okutobala kusanafike pachimake, koma osati mofulumira kwambiri mpaka maluwa n'kukumana ndi chisanu cha Juni ndi Julaye, chimene nachonso chimabweretsa mphwepwa. Nthawi zina chimene chimachedwetsa alimi ndi kudikira kugulitsa mpunga woyamba kuti apeze ndalama ya aganyu, ndipo makomiti a masikimu angachite bwino kukambirana zimenezi pokonza ndondomeko ya madzi. Mbewu zocha msanga monga Pussa ndizo zoyenera nyengoyi, pamene Kilombero ndi Faya tizisungire dzinja.

Ngala zikayamba kutuluka, ndime isaume ngakhale tsiku limodzi. Sungani madzi akuya masentimita 5 mpaka 10, ndipo kumene madzi ndi okwanira, tulutsani amene atenthedwa ndi dzuwa n'kulowetsa atsopano a m'ngalande chakumadzulo.

Dulani mpunga njere zambiri za pa ngala zikasanduka zachikasu, osadikira kuti uumire m'munda. Pouyanika, yalani mopyapyala pa lona, muziutembenuza pafupipafupi, ndipo dzuwa likafika paliwombo muuphimbe kapena kuusunthira pamthunzi, chifukwa njere zachoko sizichedwa kung'aluka zikauma mwadzidzidzi.